Steam pa Linux: wamalonda analambula msewu, koma katundu ndi wake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata imene munasindikiza posachedwapa, ya abambo ena amene amadandaula kuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pamene laputopu yawo ikukana Windows 11 poti ndi yakale. Dandaulo limenelo ndi lomveka, ndipo sali okha. Koma chandilembetsa ndi mawu a kumapeto kwa kalatayo, pamene anati mnzawo anawauza zoikamo Linux iwo n'kukana, ati Linux ndi ya anyamata a IT, mwana sangaseweremo gemu. Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Limbe, ndipo mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa. Kale anali oona. Lero atsala oona pang'ono chabe, ndipo mmene zinthu zinasinthira itafika pa Linux Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi nkhani yoti owerenga aimve, chifukwa kusinthako kunabutsa mkangano umene sunazirale mpaka lero pakati pa anthu a Linux eni ake. Nanenso ndili ndi mbali yanga.

Kwa amene sanaionepo, Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ntchito yake yofanana ndi ya Windows. Kusiyana kwake n'kwakuti malangizo onse amene anailembera, amene akatswiri amati code, ali poyera. Aliyense akhoza kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira mnzake, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo inadzalumikizana ndi ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu apoyera, imene Richard Stallman anayambitsa mu 1983. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanumo, pansi pake pali Linux. Makompyuta ambiri amene amasunga mawebusaiti ndi a Linux. Pamene inkalephera kulowa ndi pa tebulo la munthu wamba, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali magemu.

Sikuti anthu sanayesepo. Mu 1998 ku California kunabadwa kampani yotchedwa Loki Software, imene ntchito yake inali kutenga magemu otchuka a Windows n'kuwakonza kuti aziyenda pa Linux. Inatulutsa angapo, monga Civilization: Call to Power ndi Heroes of Might and Magic III, koma ogula anali ochepa. Mu 2001 inagwa m'ngongole ndipo kumayambiriro kwa 2002 inatseka. Kwa zaka zambiri zitatero, makampani akuluakulu akafunsidwa za Linux ankangoloza manda a Loki. Koma taonani ichi, chifukwa ndipamene pagona nkhani yanga. Mmodzi mwa akatswiri a Loki, Sam Lantinga, anali atalemba kapulogalamu kotchedwa SDL, kothandiza gemu kulankhulana ndi sikirini, kiyibodi ndi zokuzira mawu, ndipo anakasiya poyera. Kampani inafa, magemu ake anasowa m'masitolo, koma SDL ilipo mpaka lero ndipo magemu osawerengeka amaidalira. Lantinga mwini wake anadzalembedwa ntchito ku kampani ya magemu ya Valve mu 2012.

M'zaka za pakatipo, munthu wa Linux wokonda magemu ankagawa hadi disiki pawiri, mbali ina Linux ya ntchito, mbali ina Windows ya madzulo. Ena ankalimbana ndi Wine, pulogalamu imene anthu odzipereka anayamba mu 1993 yoti mapulogalamu a Windows aziyenda pa Linux. Unkatha kuchezera usiku wonse gemu n'kutseguka, koma anthu ake opanda mitu kapena mawu osatuluka. Mu May 2010 kunabwera malonda a Humble Indie Bundle, pamene wogula ankadzisankhira yekha mtengo wolipira, ndipo zinaoneka kuti a Linux ndi amene ankapereka ndalama zambiri kuposa a Windows ndi a Mac pa munthu mmodzi. Bodza lakuti anthu a Linux amangofuna zaulere linayamba kugwedezeka pamenepo.

Ndiye kunabwera Valve. Iyi ndi kampani ya ku Bellevue m'chigawo cha Washington ku America, mwini wake wa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti imene inatsegulidwa mu 2003 ndipo lero ndi yaikulu kuposa zonse pa makompyuta. Mu July 2012 inalengeza kuti ikukonza Steam yoyenda pa Ubuntu, mtundu wa Linux umene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Aliyense amene amati Valve inachita zimenezi chifukwa chokonda ufulu, sanatsate bwino. Mwezi womwewo mkulu wa kampaniyi, Gabe Newell, amene anagwirapo ntchito ku Microsoft zaka 13, ananena poyera ku Seattle kuti Windows 8 ndi tsoka kwa aliyense wochita malonda a makompyuta. Windows 8 inkabwera ndi sitolo yakeyake, ndipo mantha a Valve anali akuti tsiku lina Microsoft idzatseka chitseko n'kunena kuti aliyense wogulitsa mapulogalamu azidzera kwa iyo. Pa magemu ambiri, Valve imadula 30 peresenti ya mtengo. Ndalama imeneyo ndi imene inkatetezedwa. Linux inali pothawira.

Ngakhale zinali choncho, chisangalalo chinali chosasimbika. Mu August chaka chomwecho akatswiri a Valve analengeza kuti gemu yawo ya Left 4 Dead 2 ikuthamanga zithunzi 315 pa sekondi pa Linux, pamene pa Windows ndi kompyuta yomweyo inkafika 270. Kwa anthu amene anakhala akunyozedwa zaka zonsezo, manambala amenewa anali ngati chikho. Valve itapempha anthu oyesa pulogalamuyi isanatuluke, oposa 60,000 anadzipereka m'sabata yoyamba. Musaiwale kuti mu June chaka chomwecho, Torvalds anali atatukwana kampani ya Nvidia pamaso pa kamera ku yunivesite ya Aalto, mpaka kuikwezera chala chapakati, chifukwa cha kuuma mtima kwake pa nkhani ya ma driver, timapulogalamu toyendetsa makadi ojambulitsa zithunzi. Makampani opanga zipangizo ankaiona Linux ya pa tebulo ngati yosawerengeredwa. Tsopano panali kasitomala wamkulu amene akaimba foni, Nvidia, AMD ndi Intel ankayankha. Pa 14 February 2013 Steam ya Linux inatuluka, ndi magemu opitirira 50 otsitsidwa mtengo.

Koma si onse anaomba m'manja. Anthu anagawikana, ndipo magulu ake ndimawaonabe mpaka pano ngakhale pakati pa anzanga ochepa a Linux kuno kwathu. Ena ankati bola ziyende, za chiphunzitso tiona mawa. Ena ankati uku ndi kulowetsa mdani m'nyumba. Mfundo yawo inali yolemera ndithu. Pulogalamu ya Steam code yake ndi yobisika. Magemu ambiri a mmenemo ali ndi maloko otchedwa DRM, oletsa kukopera kapena kusewera popanda kampani kukuzindikira. Nanga anthu anavutikiranji zaka 30 kumanga dongosolo loti munthu azilamulira kompyuta yake, ngati mapeto ake ndi kuikamo pulogalamu imene sungaione m'kati, yotha kukutsekera katundu amene unalipira?

Ambiri ankayembekeza kuti a Stallman, amene sanyengerera pa nkhani zimenezi, angotemberera basi. Sanatero, ndipo zimene analemba mu 2012 ndimaona kuti ndi zanzeru kuposa phokoso lonse la mbali ziwirizo. Ananena mosabisa kuti magemu obisa code ndi osalungama, chifukwa amalanda wosewera ufulu. Koma anapitiriza kuti ngati munthu watsimikiza kuwasewera, ndi bwino awasewere pa GNU/Linux kusiyana ndi pa Windows, poti apulumukako ku zoipa za Windows. Anati mwina phindu looneka ndi maso lidzaposa choipa chake. Chimene chinkawadetsa nkhawa ndi china: kodi anthu atsopano amene akubwera chifukwa cha magemu adzaphunzira chiyani? Akafika n'kupeza kuti eni nyumba akuvina chifukwa cha sitolo yotseka, sadzaganiza kuti nkhani yonse ya Linux ndi kungopeza Windows yosalipira, za ufulu n'kuziiwala?

Funso limenelo lidakalipo, ndipo zaka zapitazi zaonetsa kuti mbali zonse ziwiri zinalondola pena n'kuphonya pena. Ine ndimaiona chonchi. Ndinakulira ku Thyolo, ndipo ndikudziwa kuti esiteti ikamalambula msewu sikuti yamvera chisoni anthu a m'mudzi. Imafuna mathirakitala ake atulutse tiyi. Koma msewu ukalambulidwa, wa kabaza amadutsa, ambulasi imadutsa, mayi wopita kuchigayo amadutsa. Tiyi ndi wa esiteti, ukathyola wamangidwa. Chofunika kufunsa ndi chakuti kodi pamsewupo angaikepo geti tsiku limene akwiya? Magemu a pa Steam ndi tiyi. Ntchito imene Valve yagwira pa Linux yeniyeniyo ndi msewu, ndipo chifukwa cha malamulo amene mapulogalamu apoyera amatulutsidwira, geti sangaikepo. Zimene zatuluka poyera sizibwezedwa.

Poyamba zinthu sizinayende. Valve inapanga Linux yakeyake, SteamOS, n'kugwirizana ndi makampani ngati Alienware kupanga timakompyuta toika pansi pa TV totchedwa Steam Machines. Timakompyutati tinatuluka mu November 2015 ndipo anthu sanatigule. Chifukwa chake chinali magemu ochepa, poti vuto lija linapha Loki, la ogula ochepa, linali likadalipo. Makampani opanga magemu sankafuna kulemba gemu kawiri chifukwa cha munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Panthawi imeneyo anthu ambiri anati basi, wamalonda waluza, anyamuka.

Sananyamuke. Anasintha njira. Pa 21 August 2018 Valve inatulutsa Proton, ndipo apa ndipamene nkhani inatembenukira. M'malo mopempha makampani kuti alembenso magemu awo, anatenga Wine uja wakale, n'kulipira akatswiri a kampani ya CodeWeavers kuti amukonze bwinobwino. Gemu ya Windows ikafuna kujambula chithunzi imalankhula ndi DirectX, chinthu cha Microsoft. Pa Linux DirectX kulibe, kuli Vulkan. Pamafunika womasulira pakati, wachangu kwambiri moti wosewera asazindikire. Womasulira ameneyo, wotchedwa DXVK, anamuyamba ndi mnyamata wina wa ku Germany, Philip Rebohle, pa yekha, pofuna kuti gemu imene ankaikonda ya NieR: Automata iyende pa kompyuta yake. Valve itaona ntchitoyo inayamba kumulipira. Tsiku loyamba kampaniyi inangotsimikizira magemu 27, koma inasiya khomo lotsegula kuti aliyense ayese ena onse. Anthu anatsegula webusaiti ya ProtonDB, pamene aliyense amalembapo kuti gemu yakuti pa kompyuta yakuti yayenda kapena yakana, ndiponso chimene anachita kuti iyende. Palibe amawalipira. Lero magemu masauzande ambirimbiri amene sanalembedwere Linux amangotseguka ukangodina.

Tsono Proton ili poyera. DXVK ili poyera. Zimene akonza mu Wine zimabwerera kwa Wine, moti ngakhale munthu wosasewera gemu, wongofuna kapulogalamu ka akawunti ka Windows kayende, amapindula. Valve imalipira anthu olemba ma driver a makadi a AMD mu ntchito ya Mesa, ndipo ma driver amenewo amafika pa kompyuta iliyonse ya Linux, kaya ili ndi Steam kaya ilibe. Mu February 2022 itatulutsa Steam Deck, kakompyuta ka m'manja ka madola 399 koyendera Linux ya mtundu wa Arch, anthu miyandamiyanda anayamba kugwiritsa ntchito Linux osadziwa n'komwe. Mu July 2023, pa kalembera amene Steam imachita mwezi uliwonse, Linux inapitirira macOS ya makompyuta a Apple. Tisakokomeze, inali pafupifupi 2 peresenti, ndipo Windows idakali pamwamba pa 90. Koma kwa chinthu chimene chinakhala pansi pa 1 peresenti zaka zambiri, si zocheza.

Pali kankhani kena kamene ndimakonda kuuza anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito. Mu January 2015 munthu wina anasamutsa foda yake ya Steam kupita nayo pa disiki ina. Atatsegula Steam, mafayilo ake onse anafufutika, mpaka ndi a pa hadi disiki yapadera imene ankasungirapo zinthu kuopa ngozi, poti inali yolumikiza. Atadandaula pa GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amaikapo code ndi kulandirirapo madandaulo, anthu anatsegula kafayilo kamene kamadzutsa Steam, kamene mwamwayi kanali kowerengeka ndi maso, n'kupeza mzere umodzi wolamula kuti chilichonse cha mu foda ya Steam chifufutidwe. Vuto linali lakuti dzina la foda likasowa, lamulo lija linkayambira pa tsinde la disiki yonse. Pamwamba pa mzerewo wolemba anali atasiyapo kamawu kosonyeza kuti iye mwini ankauopa, koma anausiya momwemo. Otsutsa anati mwaona, si izi tinkanena. Ine ndimati onani mbali inayo: cholakwikacho chinapezeka msanga ndi anthu wamba chifukwa kagawo kameneko kanali poyera. Chikanakhala m'kati mwa gawo lobisika, bwenzi wodandaulayo akuuzidwa kuti mwina anafufuta yekha.

Tsopano ndinene zimene otsutsa analondola, chifukwa ndi zambiri ndipo okonda Valve sakonda kuzimva.

Gemu ya pa Steam si yako. Umagula chilolezo choisewera. Zinali m'malamulo a kampaniyi kuyambira kale, koma mu October 2024, boma la California litakhazikitsa lamulo loletsa kunamiza ogula pa nkhaniyi, Steam inayamba kulemba poyera pamalo olipirira. Akaunti siloledwa kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wina. Kuno tinazolowera kuti chimbale cha PlayStation ukatopa nacho umasinthana ndi mnzako kapena kukagulitsa kumsika. Uku kulibe zimenezo.

Ndipo chimene wamalonda wapereka akhoza kulanda. Rocket League, gemu ya mpira wa magalimoto, inkayenda bwinobwino pa Linux. Kampani ya Epic Games itagula opanga ake mu 2019, mu March 2020 anadula Linux ndi Mac, ati osewera ake ndi ochepa. Analonjeza kubweza ndalama, inde, koma munthu sanagule gemu kuti adzalandire ndalama zake patapita zaka. Kumapeto kwa October 2024 kampani ya EA inatsekera anthu a Linux kunja kwa Apex Legends, ati obera mu gemu akubisala kumeneko. Imeneyi ndiye nkhondo yeniyeni imene yatsala. Magemu opikisana pa intaneti ali ndi mapulogalamu ogwira obera, otchedwa anti-cheat, ndipo ambiri amafuna kulowa m'kati mwenimweni mwa kompyuta kuti aziona chilichonse chimene chikuchitika. Pa Linux mwini kompyuta ndiye mfumu, akhoza kusintha chilichonse, ndiye makampani amati sangakhulupirire makina otero. Apa ndiye pamene ufulu ndi malonda zikugundana mutu popanda wobisala. Fortnite sikuyenda. Valorant sikuyenda. Ndipo chimene chimawawa kwambiri kuno kwathu: kuyambira FIFA 23, magemu a mpira a EA ali ndi loko wa mtundu umenewu, ndipo pa Linux satseguka.

Chimenechi ndimachinena msanga munthu asanandipatse laputopu. Mnyamata akalowa mu shopu, asanakhale n'komwe pansi, funso lake limakhala limodzi: "Bigi, FIFA ilowa?" Ndikamuuza kuti yatsopanoyo ayi, nkhope imagwa, ndipo za ufulu wa mapulogalamu sangazimvenso. Sindimunamiza. Wotereyo ndimamusiyira Windows mbali imodzi ya disiki, kapena ndimamuuza kuti mpira azikamenyera ku shopu ya magemu ngati anzake. Chodabwitsa n'chakuti PlayStation 4 imene akaigwire kumeneko nayonso pansi pake pali pulogalamu yapoyera, FreeBSD, imene Sony inatenga n'kuitsekera m'bokosi lake, chifukwa malamulo a FreeBSD amalola kutero. Malamulo a GPL amene Linux imayendera salola. Ukasintha n'kugawira anthu, uyenera kuonetsanso zimene wasintha. Kusiyana kumeneku anthu amakuona ngati nkhani ya maloya, koma ndi kumene kumasiyanitsa msewu wa geti ndi wopanda geti.

Palinso chinthu china chimene Proton inapha. Makampani ngati Feral Interactive ndi Aspyr ankadya pokonza magemu kuti akhale a Linux enieni. Mu 2021 Feral inasiya ntchito yokonza A Total War Saga: Troy, ndipo inanena yokha kuti chibwerereni Proton anthu ofuna magemu a Linux enieni achepa. Ndiye taganizani: Linux yapambana pa magemu pophunzira kuyankhula chinenero cha Windows. Opanga magemu akulemberabe Microsoft, ife n'kumamasulira. Ena mwa anzanga zimenezi zimawapweteka mtima. Ine sizindipweteka kwambiri, poti ndaonapo magemu akale a Linux enieni amene lero sakutseguka chifukwa palibe akuwasamalira, pamene a Windows a zaka zomwezo akuyenda kudzera mu Proton.

Chimene chimandiopsa ine ndi mphamvu. Mu June 2019 kampani ya Canonical, eni Ubuntu, inalengeza kuti isiya mapulogalamu akale a 32-bit kuyambira pa Ubuntu 19.10. Magemu ambiri akale amadalira zimenezo. Mmodzi mwa akatswiri a Valve, Pierre-Loup Griffais, anangolemba mawu ochepa kuti ngati ndi choncho Steam sidzavomerezanso Ubuntu watsopano ndipo ayang'ana kwina. Pasanathe sabata Canonical inabweza mawu. Osewera anasangalala, nanenso ndinasangalala, chifukwa chiganizo cha Canonical chinali chopupuluma. Koma taimani kaye. Sitolo imodzi ya magemu inatembenuza mtundu wa Linux wotchuka kuposa yonse ndi uthenga umodzi. Tsiku limene zofuna za Valve zidzasiyane ndi zathu, mphamvu yomweyo idzaloza kuti?

Kwa abambo a kalata ija ndi ena onse a malaputopu a kaunjika, nazi zimene ndimaona pa benchi langa. Makina ambiri amene amafika kuno ndi a m'maofesi a ku Ulaya ndi ku Dubai, ma ThinkPad, ma EliteBook ndi ma Latitude, ena akadali ndi chomata cha nambala ya katundu wa kampani pachivundikiro, kiyibodi yake zilembo zina zachilendo. Pa makina a Intel, Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Ndiye kuti makina a m'badwo wa 6 ndi wa 7, amene ndi ambiri zedi m'tauni muno ndipo ndi olimba, akukanidwa. Koma omwewo pa Linux amadziwa Vulkan, ndipo Proton imayendapo. Akale kuposa apo, a m'badwo wa 3 kapena wa 4, Vulkan yawo ndi yoperewera, ndiye musayembekezere zodabwitsa. Ndipo tisanamizane, laputopu ya muofesi yopanda khadi lapadera la zithunzi singanyamule magemu olemera a lero, kaya pa Linux kaya pa Windows. Koma magemu akale ndi ang'onoang'ono amayenda, Team Fortress 2 imayenda ndipo ndi yaulere. Ndimatenga fulashi yokhala ndi Linux Mint, n'kudzutsira kompyuta pa fulashipo osafufuta kanthu, kasitomala n'kuyesa yekha Wi-Fi, mawu ndi kamera. Akakhutira ndiye timaika.

Zotchinga zathu zenizeni si Linux ayi. Gemu imodzi ya masiku ano imatha kupitirira 50 GB, ena mpaka 100, ndiye werengani mabandulo. Kugula pa Steam kumafuna khadi lolipira kunja, ndipo mmene ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno aliyense akudziwa. Steam Deck Valve siigulitsa mwachindunji kuno, amene ali nayo anachita kutumiziridwa. Kwa ana ang'onoang'ono ine ndimangoika SuperTuxKart, 0 A.D. ndi Battle for Wesnoth, magemu amene ndi apoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osafuna akaunti, osafuna intaneti, ndipo ndikhoza kukopera pa makompyuta onse a sukulu popanda kuba. Pa magemu amenewa ine ndi a Stallman sitingakangane.

Masitolo ena aja anachita zosiyana. Epic inatsegula sitolo yake mu December 2018 ndipo pulogalamu ya Linux sinapange. GOG ya ku Poland, imene imagulitsa magemu opanda maloko a DRM, inayamba kugulitsa a Linux mu 2014, koma pulogalamu yake ya Galaxy inakhala ya Windows ndi Mac zokha kwa zaka zambiri, ngakhale anthu ankapempha mosalekeza. Anthu odzipereka sanadikire. Analemba Lutris ndi Heroic, mapulogalamu apoyera otsegulira magemu a m'masitolo onsewo pa Linux, ndipo amagwiritsa ntchito Wine, DXVK ndi Proton zomwe zija Valve inalipirira. Ndiye kuti ndalama za Valve zikuthandiza munthu kusewera gemu imene anagula kwa opikisana nayo, ndipo Valve singaletse.

Valve si kampani ya pa msika wa masheya, eni ake ndi ochepa, ndipo zambiri zimene ikuchita pa Linux zikuchitika chifukwa amene akuilamulira lero akufuna. A Newell sadzakhalapo muyaya. Wobwera pambuyo pawo akhoza kuona ndalama zolipira akatswiri a Mesa ndi Wine ngati zongotaya. Zikadzatero Proton idzatsala, chifukwa aliyense ali nayo kale code yake, ngakhale kuyenda kwake kudzachepa. Magemu a mu akaunti ndi amene sindingawaikire umboni. N'chifukwa chake ine Steam ndinaiika ndipo ndimaigwiritsa ntchito, koma gemu ikapezeka ku GOG ndimagula kumeneko, n'kutsitsa fayilo yake yonse yoikira, n'kuisunga pa hadi disiki yapadera mu kabati. Disikiyo sindiisiya yolumikiza ku kompyuta.

Wokonza makompyuta,
Limbe, Blantyre